Sukulu za Amaori sizinathe nkhondo itangotha

Achimwene, mwafunsa ngati sukulu za ana a Amaori, anthu eni nthaka a ku New Zealand, zinatsekedwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha. Ayi, zinapitirira ndithu. Zinayamba ndi lamulo la mu 1867, ndipo mu 1947 anangozisintha dzina kuchoka pa Native Schools kukhala Maori Schools. Zinadzatha mu 1969, boma litazipereka m'manja mwa mabodi a maphunziro a m'zigawo.

Chinazifooketsa ndi msamuko. Mabanja ankachoka kumidzi kukasaka ntchito ku Auckland ndi Wellington, ana n'kulowa sukulu za m'tauni momwe munkamveka Chingerezi chokhachokha. Apa ndiye pamandiwawa mtima: makolo ambiri, amene anakwapulidwapo ali ana chifukwa cholankhula Chimaori kusukulu, analeka kuchilankhula ndi ana awo, poganiza kuti akuwateteza.

Anachidzutsanso Chimaori ndi agogo. Mu 1982 ku Wainuiomata, pafupi ndi Wellington, kunatsegulidwa kohanga reo yoyamba, sukulu ya mkombaphala momwe akuluakulu amalera ana m'Chimaori basi. Pulayimale yotero inatsatira mu 1985 ku Hoani Waititi, bwalo la miyambo la Amaori ku Auckland.