Funsani Dokotala: Ndinasiya mowa, nanga kutopa kumeneku kukuchokera kuti?

Funso: Adokotala, ndine bambo wa zaka 36 ndipo ndimagwira ntchito ya ukalipentala. Ndakhala ndikumwa kachasu pafupifupi tsiku lililonse kwa zaka zambiri, koma masabata asanu apitawa ndinasiyiratu. Ndinkaganiza kuti ndikasiya ndipeza mphamvu, koma thupi langokhala lefulefu, usiku tulo sitikubwera, ndipo ndikafika pa shedi ndimangoyang'ana matabwa osafuna kugwira sowo. Ngakhale mpira umene ndinkaukonda sukundikomeranso. Akazi anga akuti ndi ulesi. Kodi ndikudwala, kapena thupi langa silingathe popanda mowa?

Yankho: Bambo, ndiyambe ndi kukuyamikirani, chifukwa masabata asanu osalawa ngakhale dontho si chinthu chapafupi kwa munthu amene wamwa zaka zochuluka chonchi. Zimene mukumvazi timaziona kawirikawiri kuchipatala. Si ulesi ayi, komanso si umboni woti thupi lanu linalengedwa kuti lizidalira mowa.

Muubongo muli mankhwala achilengedwe otchedwa dopamine, amene amachititsa munthu kulakalaka chinthu n'kunyamuka kukachichita. Mowa umachititsa kuti mankhwalawa azituluka mopyola muyezo, ndipo zikachitika tsiku ndi tsiku kwa zaka, ubongo umadziteteza pochepetsa mphamvu yake yowamvera. Ndiye mukasiya kumwa, ubongowo umatsala wosamva bwino kwa kanthawi, moti zinthu zimene zimasangalatsa munthu aliyense, monga mpira, macheza kapena kuona mpando umene mwakhoma ndi manja anu, zimangokhala zosakoma. Kwa anthu ambiri zimenezi zimayamba kusintha m'masabata ndi m'miyezi yotsatira, koma sizisintha mwandondomeko: mudzaona masiku awiri abwino, lachitatu n'kudzuka muli wofooka ngati poyamba, ndipo tsiku loterolo lisakunamizeni kuti palibe chikuyenda.

Nkhani ya tulo nayo ili ndi mbali yake. Mowa umagonetsa msanga koma umaononga tulo tenitenito timene timapumitsa thupi, choncho munthu akausiya amatha miyezi ingapo akudzidzimuka pakati pa usiku kapena kulota maloto oopsa. Muzidzuka nthawi yofanana tsiku lililonse ngakhale mutagona mochedwa, musagone nthawi yaitali masana, ndipo tiyi, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija muzisiye dzuwa likapendeka. Chonde musagule mapiritsi ogonetsa monga diazepam kwa ogulitsa mumsika, ndipo musalole mnzanu kukupatsani chamba ati chikugonetseni, chifukwa mukhoza kusiya chizolowezi china n'kugwidwa ndi chinzake.

Komabe sindikufuna kuti kutopa konseku tingokuika pa ubongo tisanakupimeni. Mowa umabisa matenda ambiri, ndipo munthu amayamba kuwamva akausiya. Pitani kuchipatala mukafotokoze mosabisa kuti munkamwa wochuluka bwanji, ndipo mupemphe kuti akuoneni ngati magazi ali okwanira, ayeze shuga, malungo ndi HIV, aone chiwindi, komanso ayeze makhololo ngati mukutsokomola, kuonda kapena kutuluka thukuta usiku. Anthu amene amwa kwa nthawi yaitali amasowanso vitamini B1, imene imatchedwa thiamine, chifukwa mowa umalepheretsa matumbo kuiyamwa bwino, komanso womwa kachasu nthawi zambiri amagona osadya. Kusowa kwa vitaminiyi kumafooketsa thupi ndipo kukakula kumaononga ubongo ndi mitsempha, choncho mufunse achipatala za mapiritsi ake. Kunyumba idyani katatu pa tsiku, ndipo nyemba, nandolo, mtedza ndi nsima ya mgaiwa zikuthandizani kuposa ya ufa woyera, umene umataya mavitamini ambiri pokonola ndi poviika mphale.

Tsopano za ntchito, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera. Munthu amakhala pansi kudikira kuti chilakolako chibwere kaye kuti ayambe, pamene pa nthawi imeneyi chilakolako chimabwera pambuyo, munthu atayamba kale. Musadziuze kuti lero mumaliza bedi lonse. Dziuzeni kuti mupala thabwa limodzi kwa mphindi 20, ndipo zikatha muli ndi ufulu wosiya, ngakhale kuti nthawi zambiri mudzapeza kuti manja akupitiriza okha. Madzulo lembani papepala zinthu ziwiri zokha zoti muchite mawa, ndipo m'mawa muziyenda wapansi kwa mphindi 20 kapena 30 kuwala kwa dzuwa kukuombeni. Samalani kwambiri nthawi imene munkapita kokamwa, makamaka madzulo mukaweruka ndi tsiku lolandira ndalama, pakuti maganizo oti "kamodzi kokha kuti ndipeze mphamvu" amabwera nthawi imeneyo. Konzeranitu kokhala ndi wokhala naye pa maola amenewo. Akazi anu muwaonetse yankho ili, kapena mupite nawo kuchipatala akamve okha, kuti mawu oti ulesi achoke pakhomo. Munthu amene akutonzedwa kunyumba sachedwa kubwerera kumene ankamulandira ndi manja awiri.

Pali malire amene muyenera kuwadziwa. Mwadutsa kale mwezi musanamwe, choncho ngati mtima ukukhala wosweka pafupifupi tsiku lonse kwa masabata awiri kapena kuposerapo, mukudziona wachabechabe, kapena simukufuna kudya, akhoza kukhala matenda a kukhumudwa, amene ali ndi chithandizo chake. Ngati akubwera maganizo odzipha, uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Pa chipatala cha boma chachikulu cha m'boma lanu funsani namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo; thandizo limapezekanso ku Zomba Mental Hospital, ku Queen Elizabeth mu Blantyre, ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ndipo zitachitika kuti mwayambiranso kumwa kwambiri, musasiye mwadzidzidzi muli nokha, chifukwa m'masiku atatu oyambirira munthu akhoza kunjenjemera, kuona zinthu zimene palibe kapena kugwa ngati wakhunyu, ndipo zimenezi zimafunika achipatala ali pafupi.