Musawonjezere nyimbo, sinthani zimene gitala ndi besi zikuchita

Achimwene, mwati gulu lanu la western swing (nyimbo zovina za ku America zosakaniza country ndi jazz) likutopetsa ovina chifukwa nyimbo iliyonse ndi makodi atatu omwewo (kodi ndi manotsi angapo olira pamodzi). Ine ndikuona kuti vuto si nyimbozo ayi. Bob Wills ndi gulu lake la Texas Playboys ankaimbanso nyimbo zophweka ku holo yovinira ya Cain's Ballroom mumzinda wa Tulsa ku America m'zaka za m'ma 1930, koma woimba gitala wawo, Eldon Shamblin, sankalola kuti kodi imodzi ikhale nthawi yaitali osasuntha.

Tengani kiyi ya G. M'malo mokhazikika pa G, kenako C, kenako D, yendani motere, kodi iliyonse kugunda kuwiri: G6, G ya besi pa B (kodi ya G koma notsi yapansi ndi B), C6, C#dim, G ya besi pa D, E7, A7, D7. Tamverani besiyo: G, B, C, C#, D, ikukwera ngati munthu pa makwerero. Kukoma konse kuli pa C#dim ija, kodi yodutsira pakati pa C ndi D, musaithamangire. Nyimbo ya woimba simunaikhudze ngakhale pang'ono, koma pansi pake zinthu zikuyenda. Kumapetoko, E7, A7 ndi D7 iliyonse ikukokera mnzake mpaka kubwerera pa G.

Mukazolowera, sinthani D7 kukhala D9 (D7 yowonjezera notsi ya E). Wa steel guitar (gitala yogoneka yoimbidwa ndi kachitsulo) ngati anachuna zingwe zake kuti zizilira C6, ma sixth (makodi ngati G6 ndi C6) ali kale m'manja mwake, ndiye wa piyano asamubwereze.

Chonde musachite zimenezi pa vesi iliyonse, zimalemetsa. Vesi yoyamba isiyeni ndi makodi atatu aja, makodi oyendawo mulowetse pa solo ya vayolini. Ndipo wa besi mugwirizane naye kaye, chifukwa akakakamira pa G ndi D pomwe inu muli pa C#dim, zimveka ngati mwaphonya.