Mutu ukamatentha ndi maganizo: mafunso anu, mayankho athu

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kunyanja, ku Salima ndi ku Nkhotakota, ndipo akulira chinthu chimodzi: nkhawa. Tasankhapo anayi. Mayina tabisa.

Zikomo alangizi. Ndimagulitsa mpunga pa Kamuzu Road. Ndinatenga K180,000 kubanki m'khonde kuti ndiwonjezere mpamba, koma malonda sakuyenda ndipo kwatsala masabata 6 kuti ndibweze. Usiku ndimadzidzimuka cha m'ma 2 koloko, tulo osabweranso, mutu uli pa ngongole basi. Anzanga amati ndisamaganize kwambiri. Nanga maganizo amasiyidwa bwanji?
*Mayi wa ana anayi, Salima*

Mayi, anzanuwo akukufunirani zabwino, koma malangizo awowo sagwira. Chinthu ukamadziletsa kuchiganiza mpamene chimakakamira. Mu 1987 katswiri wa ku America, Daniel Wegner, anauza anthu kuti kwa mphindi zisanu asaganize za chimbalangondo choyera. Analephera, ndipo atawamasula chimbalangondocho chinawadzadza m'mutu kuposa anzawo amene sanaletsedwe. Ubongo ukafuna kuona ngati mwaiwaladi chinthu, umayamba wachikumbuka kaye. Ndiye ngongoleyo musalimbane nayo pamphasa. Ipatseni nthawi yake masana.

Pezani kope la ana asukulu. Tsiku lililonse patulani mphindi 15 kapena 20 dzuwa lisanalowe, mwina mukangoweruka kumsika. Nthawi yogona ayi. Dulani mzere pakati pa tsamba. Kumanzere lembani zomwe manja anu angachitepo kanthu, kumanja zomwe sizili m'manja mwanu: mtengo wopikulira mpunga ku Lifuwu, mvula ya chaka chino, zolankhula za anthu pamjigo. Zakumanjazo mukalemba, zisiyeni pomwepo. Ntchito ili kumanzere, ndipo mutengepo chimodzi chokha patsiku.

Tiyambe ndi ngongoleyo. Ikakhala m'mutu ilibe msinkhu, imangokula ngati mthunzi wa madzulo. Papepala imakhala ndi malire. K180,000 kugawa masabata 6 ndi K30,000 pa sabata. Ngati mumagulitsa masiku 6 pa sabata, ndi K5,000 patsiku, kuwonjezerapo chiwongoladzanja chomwe munagwirizana pagulu. Mwina muona kuti n'zotheka, mwina ayi. Ngakhale zikanike, mwadziwa kuti zikuperewera zingati, ndipo chiwerengero chimenecho ndicho mupite nacho kwa anthu.

Kenako lembani njira zosachepera zisanu, ngakhale zooneka zopusa, musanayambe kuziweruza. Kulondola omwe anakukongolani mpunga. Kusiya kugulitsa pangongole mpaka mutabweza. Kuyeza timiyezo ting'onoting'ono ta anthu ogula za tsiku limodzi. Kukafunsa m'malo odyera ku Senga Bay ngati angamatenge sabata ndi sabata. Kukaonana ndi akuluakulu a gulu tsiku lisanafike. Sankhani imodzi, muilembere tsiku ndi ola: "Lachinayi 4 koloko ndikaonana ndi atcheya ndi amsungichuma." Ambiri amalakwitsa pomwepa, amalemba kuti "ndiyesetsa", mawu opanda tsiku, ndipo usiku nkhawa imabwerera chifukwa palibe chomwe chamangidwa. Njira imodzi yokha tikukuletsani: kutenga katapila kuti mutseke ngongole ya gulu. Kumeneko n'kuthawa mvula n'kudumphira m'nyanja.

Njira yosanja mavutoyi si yachilendo. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006, pomwe agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi kunja kwa chipatala n'kumathandiza anthu kusanja mavuto awo limodzilimodzi chonchi. Vutoli Ashona amalitcha kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri komwe anzanu akunenaku.

Tsono mvetserani mawu omwe mumadziuza usikuwo. Kawirikawiri amakhala akuti "ndine wolephera", "ana afa ndi njala", "aliyense akundiseka". Alembeni momwe alili, kenako muwafunse mafunso atatu. Umboni wake uli pati? Chikutsutsana nawo n'chiyani? Mchemwali wanga atabwera ndi vuto lomweli ndingamuuze mawu amenewa? Pamapeto lembani chiganizo china chomwe ndi choona. Musalembe kuti "zonse zikhala bwino", mtima sungakhulupirire ndipo mudzangodzipsetsa mtima. Lembani monga: "Miyezi iwiri malonda sanayende, ndikuperewera mwakuti, Lachinayi ndikakambirana." Kusintha kaganizidwe komwe kumanenedwa kawirikawiri masiku ano n'kumeneku.

Maganizo akakudzutsani usiku, auzeni kuti "ndakulembani, tionana mawa madzulo." Pumirani mkati ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, n'kutulutsa mpweya pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6, mimba ndiyo izikwera ndi kutsika. Chitani zimenezi mphindi zitatu kapena zisanu. Kutulutsa mpweya mochedwa kumachepetsa liwiro la mtima. Mukamakoka mpweya wambiri mofulumira mudzamva chizungulire ndi dzanzi m'zala, ndiye chepetsani. Tulo tikakana kwa mphindi ngati 20, khalani tsonga m'neti momwemo, foni osaigwira, mpaka maso alemere. Tiyi womaliza mumwe isanakwane 3 koloko masana, ndipo m'mawa muzidzuka ola limodzimodzi ngakhale mwagona mochedwa. Masiku oyamba mudzaona ngati sizikuthandiza. Pitirizani sabata imodzi kapena ziwiri musanaweruze.

Tili anthu 6 m'nyumba ya zipinda ziwiri. M'mawa uliwonse ndi mkangano: yunifolomu yasowa, makiyi a njinga sakuoneka, wina watenga tchaja. Ndikalowa m'nyumba mutu umawawa. Loweruka lina ine ndi mayi akunyumba tinatulutsa katundu yense pabwalo kuti tikonze, dzuwa linalowa tisanafike ndi pakati pomwe, tinangobwezamo. Tiyambire pati?
*Bambo wa ku Dwangwa*

Bambo, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kutulutsa zonse tsiku limodzi kumalephereka chifukwa chinthu chilichonse chimafuna chiweruzo, chisungidwe kapena chichoke, ndipo pofika chinthu cha 100 mutu watopa, dzuwa la ku Dwangwa nalo lakuwambani. Mutu umene umakuwawani polowawo uli ndi chifukwa: chilichonse chomwe chili pamalo osayenera chimakukumbutsani ntchito yosatha, ndipo kufunafuna zinthu nthawi ikutha kumautsa thupi ngati pali ngozi.

Musayambire pomwe pali nyansi zambiri. Yambani pomwe pamayambira mkangano, pakhomo. Khomani misomali pathabwa limodzi kuseri kwa chitseko, munthu aliyense msomali wake. Ya ana ikhale pa msinkhu wawo, chifukwa msomali womwe mwana saufikira ndi wa amayi ake, ndipo chikwama chidzathera pansi. Pamenepo pazikhala chikwama ndi yunifolomu ya mawa, zopachikidwa madzulo anthu asanadye nsima. Makiyi, tochi, machesi ndi tchaja zikhale m'kabakuli kamodzi pashelefu. Ntchito imeneyi ndi ya ola limodzi, koma ndi imene mudzayambe kumva phindu lake Lolemba lomwelo.

Zotsalazo, mphindi 20 patsiku, malo amodzi: lero kunsi kwa bedi, mawa pamwamba pa kabati, mkuja dengu la zovala. Ikani alamu pafoni, ikalira lekani ngakhale muli ndi mphamvu. Gawani milu itatu: zosunga, zogulitsa kapena kupatsa ena, zotaya. Zotayazo zipite kudzenje tsiku lomwelo, zopatsa ena zituluke isanathe sabata. Zikagona m'nyumba zimabwerera mumulu. Chinthu mukakayika nacho dzifunseni ngati chagwira ntchito chaka chathachi, dzinja ndi mwera womwe. Wailesi yomwe inafa zaka zitatu zapitazo ipite kwa okonza mwezi uno, kapena igulitsidwe kwa ofuna zipangizo. Majuzi ndi mabulangete a mu June ndi July achapeni, aume bwinobwino, alowe m'thumba lolembedwa kunja.

Kunyanja kuno pali adani omwe malangizo a pa intaneti sawatchula. Makatoni amayamwa chinyezi, amasunga mphemvu, ndipo chiswe chimawakonda. M'malo mwake gwiritsani ndowa zokhala ndi zivindikiro. Matumba a chimanga ndi mpunga asagone pansi kapena kutsamira khoma. Yalani matabwa pa njerwa, musiye mpata woti dzanja lilowe pakati pa thumba ndi khoma, kuti mphepo izidutsa ndipo njira ya chiswe kapena ndowe za makoswe muziziona msanga. Ngati mumasunga m'matumba a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki mkati osalowetsa mpweya, mbewu ikhale youma gwa musanamange, ndipo khoswe akaboola pulasitiki wamkati, anankafumbwe apezamo mpweya. Zovala zopachika mbwee pachingwe m'chipinda chogona ndi pobisalira udzudzu masana. Pindani, mungosiya zomwe zivalidwe mawa. Mbale ziume pathandala panja.

Mapepala akhale pamodzi: ziphaso za unzika, mabuku akuchipatala, masatifiketi, mapepala a malo. Alowe m'pulasitiki wosalowa madzi, kenako m'chigoba chotseka, pamalo okwera omwe akulu onse akuwadziwa. Amene anaona madzi osefukira a ku Dwangwa mu 2024 akudziwa kuti nthawi yofunafuna mapepala siikhalapo. Mankhwala a mbewu ndi a makoswe, palafini ndi petulo zisakhale m'chipinda chogona kapena m'mabotolo a zakumwa. Zitsekeredwe ndi loko kwina.

Ndipo poti mwatchula mayi akunyumba: ntchitoyi ikakhala ya iwo okha, nyumba ibwerera mwakale pasanathe mwezi. Mphindi 10 madzulo, aliyense abweze zake, inu poyamba.

Mayi anga anamwalira chaka chatha. Masutikesi awo awiri ndi ziwiya zadzadza chipinda. Ndikawaona ndimalira, koma kuchotsa ndikuona ngati ndikuwataya.
*Mtsikana wa ku Nkhotakota boma*

Pepani achemwali. Katundu wa malemu si wa munthu mmodzi, choncho musagawe kapena kutaya muli nokha, mungadzipalire milandu ndi abale pamwamba pa chisoni. Ngati miyambo ya maliro inatha monga mwa kwanu, uzani amalume kapena mwinimbumba kuti apangane tsiku logawa. Inuyo sankhani zochepa zomwe zimakukumbutsani mayi, chitenje chimodzi kapena ziwiri, chithunzi, mphika womwe ankaukonda. Mphikawo muziphikiramo. Ngati mtima sunakonzeke palibe chokuthamangitsani, koma zovalazo muziziyanika padzuwa nthawi ndi nthawi, chifukwa m'dzinja zimachita chuku, ndipo zikawonongeka chisoni chimakhala chachiwiri. Tsiku lotsegula masutikesiwo pakhale munthu pambali panu.

Mtima wanga umathamanga, ndimatuluka thukuta ndipo khosi limauma. Ena akuti ndi BP, ena akuti ndi maganizo. Ndine msodzi, madzulo ndimamwako pang'ono kuti ndigone.
*Bambo wa ku Chipoka*

Bambo, izi sizidziwika ndi maso, pitani mukayezetse. Nkhawa imachititsadi zimenezi: thupi likamva ngati pali choopsa limatulutsa m'magazi timadzi totchedwa adrenaline, mtima n'kuthamanga, minofu ya m'khosi ndi m'mapewa n'kukungika. Koma malungo, kuchepa kwa magazi, shuga ndi matenda a chithokomiro nazonso zimathamangitsa mtima. BP yokwera nthawi zambiri siimveka n'komwe m'thupi. Poyeza, khalani pansi mphindi zisanu kaye, ndipo muyezetse masiku osiyana. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa, achipatala akuuzani chochita. Musamwe mapiritsi a BP a mnzanu. Chifuwa chikamapweteka ngati chapanikizidwa, ululu n'kumafika kudzanja kapena kunsagwada, kapena mpweya ukamabanika, musadikire kuti kuche.

Mowawo ukukunamizani. Umagonetsa msanga, koma ukamatha m'thupi pakati pa usiku umadzutsa munthu mtima ukugunda, thukuta lili kamukamu, ndipo m'mawa nkhawa imakhala yoposa dzulo. Ngati mumamwa tsiku lililonse ndipo manja amanjenjemera mukapanda kumwa, musasiye mwadzidzidzi panokha, chifukwa ena amakomoka. Auzeni achipatala zoona zake za kamwedwe kanu kuti akuthandizeni kusiya bwino.

Kwa inu ndi ena onse omwe mwatilembera: kope ndi misomali zili ndi malire ake. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposa mwakhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, zomwe munkazikonda sizikukomaninso, chakudya sichikulowa, ntchito ikukukanikani, amenewo akhoza kukhala matenda a kukhumudwa, ndipo amachizika. Pitani kuchipatala chachikulu cha boma ku Salima kapena ku Nkhotakota mukafunse oona za matenda a m'maganizo. Ku Lilongwe kulinso chipatala cha St John of God. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, uzani munthu amene mumamukhulupirira tsiku lomwelo, iyeyo achotse pakhomo mankhwala a mbewu ndi a makoswe, ndipo akuperekezeni kuchipatala. Potuluka musaiwale buku lanu lakuchipatala ndi mankhwala alionse omwe mukumwa, kuti adokotala akawaone.