Musadule kaye nsaluyo, asisi

Asisi, ikani sizasi pansi. Ndangowerenga funso lanu muno la oda yosoka ma leotard, zovala zothina za chidutswa chimodzi zimene ana amavala pochita gymnastics, masewero opinda thupi aja. Nditaona kuti ana ndi 10, makina anu ndi opalasa ndi mapazi, nsalu abwera nayo okha aphunzitsiwo, mtima wanga wangoti myuu ngati ndabwerera pabwalo lija. Enanu mwayankha kale kuti n'zophweka, akuti zili ngati kusoka taiti. Pepani, leotard simunaisokepo inu. Ine ndinasoka 12 mu November 2023 kuno ku Nchalo, ndipo mpaka lero ndikaona mwana akuchita chipidigoli ndimayang'ana kumbali.

Makina anga a magetsi, a zigizagi aja, anapita ndi namondwe wa Freddy mu March chaka chomwecho. Madzi analowa m'nyumba usiku, matope anadzaza mumota, okonza anangopukusa mutu. Ndinatsala ndi Butterfly ya malemu mayi anga, yongosoka msoko wowongoka basi. Ndiye mu October akubwera mayi wina wa pasukulu ina ya pulayiveti. Dzina sinditchula, sukulunso ayi, ena muno ana anu ali komweko. Akundionetsa chithunzi pafoni, kamtsikana ka kunja katavala yofiira, timiyala tikung'anima pachifuwa. Akuti akufuna zotere 12, ana akavale poonetsa gymnastics pamaso pa makolo asanatsekere temu. Ndinamuuza, Mulungu ndi mboni, kuti mayi makina a nsalu zotamuka ndilibe. Iye amvekere, "Aaa inu ndinu akatswiri amayi, mayunifomu athu aja munasoka bwanji?" Ine kukomedwa. Tinagwirizana K7,000 imodzi, nsalu yake, ulusi, lasitiki ndi timiyala zanga. Anasiya K20,000 ya chikole.

Nsalu anakagula ku Limbe. Kukongola kokha inali nayo, yofiira ngati phwetekere, yonyezimira. Koma nditaikoka, m'lifupi inkatamuka, m'litali nji, osasuntha. Ndinaona, sindinama. Ndinamuimbira, akuti ndalama ya ina palibe, komanso wogulitsa wamutsimikizira kuti ndi Lycra yeniyeni. Lycra yanji yokana kutamuka chotsika? Miyezo nayo ananditumizira pa WhatsApp: chifuwa, chiuno, zaka za mwana. Zaka! Ngati tikulembetsa kusikelo. Ndinapempha kuti abweretse anawo ndiwayeze ndekha, akuti ali m'kalasi, komanso dzuwa ili sangawayendetse. Mtunda wake woti kabaza amafika usanamalize kupereka moni.

Kenako kwacha inagwa ndi 44 peresenti kumayambiriro kwa November, mukukumbuka nonse. Lasitiki yemwe ndinafunsa mtengo Lolemba, pofika Lachisanu anali wina. Minibasi yokwera mapiri kudutsa pa Thabwa nayo inakwera. Nditamupempha kuti awonjezere kangachepe, yankho linali "tinagwirizana kale amayi".

Kusoka kwake musandifunse. November wa kuchigwa kuno mukumudziwa, kutentha kopitirira madigiri 40, pansi pa malata, thukuta likudonthera pansalu, nsalu ikuterereka ngati mlamba. Singano ndinasiya yomwe ija ya 16 yosokera mayunifomu, ndiye inkalumpha, kubaya katatu kugwira kamodzi. Masana ndinkalephera, ndinkasoka usiku ndi tochi ya foni, udzudzu ukundidya miyendo uku ndikupalasa. Imodzi ndinaiotcha ndi simbi pomata timiyala. Makala anali atayaka bwino, ndinangoti gwa, kununkha pulasitiki, bowo ngati chikhatho. Ndinadulanso ina pa zotsalira. Komabe zonse zinatha tsiku lisanakwane, ndinazipachika pachingwe m'nyumba, amuna anga mpaka anajambula. Zitapachikidwa zinali zokongola, asisi, zimenezo ndiye musandilande.

Loweruka lake anandiitana. Ndinavala chilundu changa chatsopano, anandikhazika mzere wachiwiri mutenti, kutsogolo kwanga agulupu ndi akomiti. Woyendetsa mwambo mpaka analengeza pa chimkuzamawu kuti zovala mukuzionazi sizochokera ku Joni ayi, zasokedwa konkuno ndi mayi wathu uyu, imirirani amayi. Ndinaimirira. Anthu m'manja, amayi nthungululu. Ndinagwedeza ndi dzanja lomwe, ha.

Ana akulowa pamzere, nyimbo ikulira. Pomwepo diso langa linagwera pa wamtali uja, anali wachitatu kuchokera kumanzere. Mapewa anali atawerama ngati wasenza ndowa yosaoneka, chifukwa chovala chinkamukokera pansi. Ndinadziwa. M'mimba munatentha. Anakweza manja onse m'mwamba, palibe kanthu. Anazungulira, palibe kanthu. Ndinayamba kupuma. Ndiye mphunzitsi anaimba wezulo kuti apinde msana chagada manja afike pansi, ndipo ngakhale nyimbo inali pamwamba ine ndinamva, pa pa pa pa, ulusi ukuduka umodziumodzi ngati chimanga chokazinga. Phewa lakumanja la mwana uja linamasuka lonse. Anagwa chammbali, kudzuka atagwira phewa ndi dzanja, maso ali mwazumwazu kufuna mayi ake. Wina pambali pake msoko wa kukhwapa nawo phwasu. Timiyala tija, guluu atafewa ndi dzuwa, tinkangoyoyoka palona, tiana ta mkalasi ya mmera n'kuthamangira kukatola pakati pa masewero. Zovala za ana anayi mwa 12 zinasosoka. Mayi wina anavula chitenje chake chapamwamba n'kuthamanga kukamfunditsa mwana wamtali uja, mwana akulira mosatulutsa mawu, kukamwa kokha kuli yasa. Wa nyimbo osazimitsa. Anyamata kumbuyo kuseka. Agulupu anangoweramitsa mutu n'kumayang'ana nsapato zawo.

Ndiye mayi uja, mayi yemwe uja wa nsalu yake, wa miyezo ya zaka, anatenga maikolofoni. "Pepani makolo, atelala athu atikhumudwitsa lero." Basi. Mitu yonse mutenti inatembenukira kwa ine, poti anali atandiimiritsa kale, aliyense ankadziwa pomwe ndakhala. Miyendo inakana kudzuka. Ndinakhala pompo mpaka pemphero lotsekera, kenako ndinayenda wapansi dzuwa lili paliwombo, akabaza akundiitana ine osamva.

Munthu ameneyu sindinamukhululukire ndipo musandilalikire. K64,000 yotsala sanandipatse. M'malo mwake ananditumizira uthenga woti ndibweze ya nsalu, akuti ndaiwononga. Oda ya mayunifomu ya January anakapereka kwina, ndiye oda imene inkandilipirira ana fizi. Kumvano anakanena kuti ndine wosoka matumba a makala. Iye amene anaumira pansalu, iye amene anakana kubweretsa ana, iye amene nditamupempha kuti tiyese ngakhale imodzi Lachinayi anati ayi zikhale zodzidzimutsa, ana angazidetse. Zinadzidzimutsadi. Patapita miyezi ndinaziona pa status pake, zomwe zija, wina atazipitiriza ndi zigizagi n'kuikamo chigamba chakuda m'mapewa, pansi atalemba kuti zinthu zapamwamba. Pateni yanga, kudula kwanga, usiku wanga wa udzudzu. Koma chimene chimandiwawa mpaka pano si ndalamazo. Mayi a mwana uja anabwera kwathu Lachiwiri, sanakalipe, anakhala pamkeka n'kungoti mwana wakana kupita kusukulu. Ndinasowa poyang'ana. Ndinamusokera mwanayo diresi ya Khirisimasi ulere.

Ndiye asisi, ikaneni odayo. Auzeni kuti makina mulibe, mugone tulo.

Koma ngati mwalandira kale chikole, poti ndikudziwa ndalama ikalowa m'nyumba sibwerera, chitani izi. Nsaluyo itengeni pompano, muike tepi, mugwire masentimita 10 n'kukoka. Ifike pa 15 mosavuta, m'lifupi ndi m'litali momwe, ndipo mukaisiya ibwerere pa 10 pomwe. Ikakana mbali imodzi, ibwezeni lero lomwe, mboni ilipo. Yabwino imakhala ya nayiloni wosakaniza ndi spandex, ena amalemba elastane, kawirikawiri 80 ndi 20 peresenti. Musalole kasitomala kukugulirani nsalu, gulani nokha. Kungoti mukagula nokha kwacha ikagwa mwalira ndinu, ndiye kaya, ndalama yake koma dzanja lokoka likhale lanu. Mukwere naye minibasi mpaka ku Limbe ngati n'kotheka.

Pateni musajambule za m'mutu. Pitani pakaunjika tsiku la msika, kaya kwa Ngabu kaya pa Dyeratu, mufufuze zosambirira za ana zija za chidutswa chimodzi. Kuno anthu sazifuna, amangoziponya pambali. Gulani ya saizi yapakati, muisosole msoko uliwonse, muyale papepala la simenti, pateni ndi imeneyo. Zazikulu za akuluakulu nazo zimapereka nsalu yabwino ya mizere yokongoletsera, kuposa zambiri za pashopu.

Ana muwayeze nokha, mayi wawo kapena mphunzitsi wamkazi ali pomwepo. Chifuwa, chiuno, mahipi, inde, koma muyezo umene unandigwetsa ine ndi wozungulira thunthu chotsika: tepi iyambire paphewa, itsike kutsogolo, idutse pakati pa miyendo, ikwere kumsana n'kubwerera paphewa pomwe paja. Muyezo umenewo mayi ake ndi amene agwire tepi, inu muzingowerenga. Ana awiri a zaka 9 akhoza kusiyana kutali pamenepo. M'lifupi mudule mochepera thupi pang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, kuti igwire, koma m'litali musaumire, n'kumene kumaphulika mwana akapinda msana. Kutsogolo muikemo lainingi yotamukanso, nsalu zowala zimaonetsa mkati zikakokedwa.

Singano ikhale ya stretch kapena ballpoint, 75/11. Nsonga yake ndi yobulungira, imapatula ulusi wa nsalu m'malo mouboola, ndiye siilumpha. Gulani paketi yonse mukapita mtauni, kuno mudzayenda mpaka nsapato kutha. Ulusi wa poliyesita, wa thonje umaduka. Makina akamameza nsalu, yalani nyuzipepala pansi pake, musokere limodzi, mudzang'ambe pambuyo. Msoko wowongoka sutamuka, nsalu ikatamuka iwo umaduka, ndiye nkhani yonse ya pa pa pa ija. Pezani mnzanu wa zigizagi kapena overlock ya maulusi anayi, mumulipire pa chovala chilichonse, muwerengere pamtengo. Pa makina opalasa osayerekeza. Chabwino, zimatheka, ndinadzayesa pambuyo pake pa zotsalira chifukwa cha ukali: kutalikitsa sitichi kufika mamilimita atatu, kukoka nsalu kutsogolo ndi kumbuyo uku mukusoka, n'kubwereza mzere wachiwiri pambali pa woyamba. Inagwira, mwana wa achemwali anga anavala chaka chonse akukwera nayo m'mitengo ya masawu. Koma 10 za eni ake, pamaso pa agulupu, ine ayi.

Lasitiki wa m'miyendo ndi m'khosi akhale wopyapyala, mumudule mofupikirapo kuposa bowo, ndipo kukoka kwambiri kukhale kumbuyo, kutsogolo pang'ono chabe. Musagule amene wakhalitsa padzuwa pabenchi, mukamukoka amalira tsetsetse, wafa kale ameneyo. Timiyala siyani. Kutentha kwa kuno guluu sakhalitsa, ndipo simbi ya makala pansalu imeneyi ndi moto pa udzu. Akaumirira zong'anima, dulani mizere ya mtundu wina muisokerere pamwamba ndi zigizagi, kapena musokerere timiyala ta mabowo ndi dzanja, kamodzikamodzi, mtengo wake wapadera. Yakuda yokhayokha musawasokere, bwalo lathu lilibe mthunzi. Muwauzenso kuti kuchapa ndi madzi ozizira, kuyanika pamthunzi, Jik asayandikire, amadya spandex. Apo ayi adzabwera pakatha mwezi kuti nsalu yalendewera, olakwa inu.

China chimene palibe wanena muno: makolo. Theka la madandaulo amene ndinamva pambuyo pake silinali la misoko, linali loti ana avala zosambira pagulu. Afunseni aphunzitsiwo ngati makolo aona chithunzicho. Ine masiku ano ndimasokera limodzi ndi kabudula wothina wofika pamwamba pa mawondo, kapena kulumikiza miyendo pachovala pomwepo. Wina akati sizovomerezeka mumuuze kuti timu ya atsikana ya ku Germany inavala zofika mpaka m'mapazi pa Olympics ya ku Tokyo mu 2021 ndipo palibe anaithamangitsa.

Eee, mwamva bwino, ndati masiku ano. Ndinagula makina a zigizagi ogwirapo kale chaka chatha, ndasokapo ma oda awiri, imodzi ya ana ovina kutchalitchi, ina ya mphunzitsi wina wa ku Bangula, munthu wabwino zedi, analipira zonse ndisanadule. Ndalama ilimo chifukwa atelala ambiri amaziopa, ndipo nsalu imalowa yochepa. Aphunzitsi musawakhulupirire komabe. Theka la ndalama patsogolo, zogwirizana zonse zilembedwe pa WhatsApp osati pakamwa, ndipo musoke imodzi yokha kaye, ya mwana wamtali kuposa onse. Abwere nayo kwanu, avale, akweze manja, apinde msana chagada, achite chipidigoli katatu pakhonde panu inu muli tcheru kumvetsera ulusi. Akakuitanani kumwambo mukakhale kumbuyo, pafupi ndi potulukira, singano ndi ulusi zili m'chikwama.

Tajambulani nsaluyo mukuikoka mbali zonse ziwiri muponye muno tione.