Kodi kusonkhera ngalande si kutaya ndalama?

FUNSO: Akulu, komiti ya kwathu kuno ku Chikanda ikuti tisonkhe ndalama timange ngalande ya simenti. Simenti yake yakwera chonchi, mvula yoopsa imangobwera mwa apo ndi apo, ndiye phindu lake lili pati? Mayi wa ana atatu, Zomba.

YANKHO: Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, koma ine ndikuti sonkhani. Zomba yathuyi ili m'tsinde mwa phiri, madzi amatsika ndi liwiro kudzera ku Mulunguzi ndi Likangala mpaka ku nyanja ya Chilwa, ndiye poti mitengo yambiri inapita ndi makala, nthaka simwanso madzi ngati kale. Mukumbukira za namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Ndipo sikuti mpaka pabwere namondwe ayi, mvula wamba ya Januwale ikangoima pa fawundeshoni ya nyumba ya zidina khoma limanyowa pansi n'kuyamba kung'aluka, chimbudzi chimasefukira, kenako kolera, ana kujomba kusukulu, inu geni yaima. Muwerengere zonsezo, muona kuti ngalande ndi yotchipa.

Koma musangopereka ndalama. Funsani kuti madziwo akathera kuti, chifukwa ngalande yothera panjira imangokhuthulira mavuto pakhomo pa aneba akumunsi, choncho akhonsolo aione kaye pulaniyo. Simenti ikhale pokhota ndi potsetsereka kwambiri, pena ponse miyala ndi udzu wa vetiva zimagwira ntchito. Ndipo mugwirizane zoti azichotsa majumbo ndi mchenga ndani mvula isanayambe, ikatsekeka ndalama zanu zapita.