Funsani Amakaniko: jump starter yanga yatupa

FUNSO: Amakaniko, ndimayendetsa Sienta yonyamula anthu pakati pa Kamuzu Road ndi Senga Bay. Ndi automatic, ndiye batire ikafooka palibe zokankha. Mlamu wanga wa ku Joni adandibweretsera jump starter, kabokosi kokhala ndi zopanira ziwiri, chofiira ndi chakuda. Ndimakasunga pa dashibodi kuti ndisakaiwale. Poyamba kankaliza injini kamodzi n'kamodzi, koma pano katupa pang'ono, chikhalirecho ndimakadalira m'mawa uliwonse. Kodi ndipite nako kwa anyamata okonza mafoni? Dalaivala, Senga Bay.

YANKHO: Achimwene, tiyambe ndi kutupako, poti ndiko kwandidetsa nkhawa. Musakatchajenso, musakagwiritsenso ntchito, ndipo lero kasagone m'galimoto kapena kuchipinda. Mkati mwake muli mabatire a lithium, achibale a batire ya foni koma amphamvu kwambiri. Batire yotere ikatupa ndiye kuti yawonongeka ndipo mkati mwadzaza mpweya. Ikabooka kapena kutentha imatha kubuka moto wovuta kuzimitsa. Alipo anyamata amene amaiboola ndi singano ati kuti iphwe. Musalole zimenezo. Kaikeni panja pamthunzi, pa simenti kapena pamchenga, kutali ndi udzu, petulo ndi ana, ndipo kasalowe kudzala komwe mumatentha zinyalala.

Chakapha ndi dashibodiyo. Dzuwa la kunyanja kuno mu Okutobala ndi Novembala simuchita kuuzidwa. Galimoto ikaima padzuwa mawindo ali otseka, kutentha kwa mkati kumapitirira madigiri 50, ndipo pa dashibodi, pansi pagalasi penipeni, pamaposa apo. Inu mukudikira kuti anthu adzaze, kabokosiko kakupsa. Lithium sagwirizana ndi kutentha ngakhale pang'ono: mphamvu zimayamba kuchepa, kenako ndi kutupa mwakuonako. Mukagula kena, masana kazikhala m'kachikwama kake pansi pa mpando, pomwe dzuwa silifika, madzulo muzilowa nako m'nyumba. Nthawi ya dzinja samalaninso chinyontho, chifukwa zopanira zikachita dzimbiri moto sudutsa bwino.

Koma nkhani yanu ili ndi mwendo wina. Mwati mumakadalira m'mawa uliwonse. Pamenepo wodwala weniweni ndi galimoto, ndipo jump starter yangokhala ngati Panado woziziritsa mutu malungo ali m'thupi. Pitani kwa wamagetsi a galimoto akayeze ndi mita. Batire yabwino yodzaza, itapuma usiku wonse, imaonetsa mphamvu ya mavoti (volts) pafupifupi 12.6. Injini ikulira, mita izisonyeza pakati pa 13.8 ndi 14.4, ikakhala pansi pa 13, kayikirani alternator (chipangizo chotchaja batire injini ikulira) kapena lamba wake. Onaninso mitu ya batire. Ufa woyera kapena wobiriwira umene umamera pamenepo umatseka moto, ndipo umachoka ndi soda wophikira therere yemweyu, madzi ofunda ndi kaburashi. Ngati batire yanu ndi ya zivindikiro, kutentha komweku kumaumitsa madzi ake. Thirani madzi a batire ogula, osati a pamjigo kapena a m'nyanja. Ndipo zimasipika zija madalaivala mumazikonda kumbuyoku, zikalumikizidwa mwachidule zimayamwa batire galimoto ili chigonere.

Kagwiritsidwe ka jump starter n'kosavuta, koma ndimaona anthu akuchita mothamanga pamaso pa makasitomala. Zimitsani zonse kaye: kiyi, nyali, wailesi, fani. Chopanira chofiira chigwire mutu wa batire wolembedwa +, chakuda chigwire wolembedwa − kapena chitsulo chopanda penti cha pa injini. Yang'anani chizindikirocho ndi maso, musangodalira mtundu wa waya, poti galimoto zathuzi zadutsa m'manja ambiri. Mukasemphanitsa mutha kuwotcha mafyuzi, alternator ngakhale kompyuta ya galimoto. Timabokosi tambiri timalira kapena kuyatsa kanyali kofiira mukalakwitsa, koma tina tili ndi batani lokakamiza, la batire yoferatu, ndipo mukalidina chitetezo chimenecho chimachoka. Fodya asayandikire, chifukwa batire ya galimoto imatulutsa mpweya wa hydrogen womwe umaphulika ndi kamoto kochepa.

Lizani injini kwa masekondi osapitirira 5. Ikakana, dikirani mphindi yathunthu kuti mawaya azizire. Mukayesa katatu kapena kanayi osatheka, lekani. Vuto lili kwina, mwina sitata kapena mafuta. Ikalira, chotsani zopanira pompopompo, zisagundane. Wa lole akabwera kudzabwereka, muuzeni mwaulemu kuti kanu ndi ka mavoti 12, pomwe malole ambiri akuluakulu ndi a 24. Ngakhale galimoto ya dizilo ya mavoti 12 imafuna mphamvu zambiri kuposa Sienta, choncho werengani pa bokosi kukula kwa injini yomwe kangathe.

Za kutchaja: mukakagwiritsa ntchito, kasiyeni kazizire kaye, ndiye mukatchaje tsiku lomwelo. Ngakhale musanakakhudze, pakatha miyezi 3 kapatseni moto, chifukwa kamatha pang'onopang'ono pokhala, ndipo lithium ikafika pouma gwa nthawi zina sidzukanso. Gwiritsani ntchito tchaja yake kapena yofanana ndi zomwe zalembedwa pa kabokosiko. Tchajirani pa simenti, osati pa matiresi kapena pansi pa pilo, ndipo muli maso. Magetsi akazima zulani pa soketi, poti pobwera nthawi zina amabwera ndi ukali.

China chimene opanga salemba m'kabuku kawo: kabokosi kameneka kali ndi potchajira foni ndiponso tochi. Magetsi akangozima madzulo, a m'nyumba monse adzakapeza, ndi aneba omwe. M'mawa inu pa Senga Bay, anthu akhala kale m'galimoto ndi mabeseni a usipa, kanyali koonetsa moto wotsala kakuonetsa kadontho kamodzi. Tambiri mwa timabokosi timeneti timafuna tikhale ndi moto woposa theka kuti tilize injini. Agulireni ana power bank yawoyawo yotchipa, jump starter ikhale ya galimoto basi.