Mafunso a Owerenga: Masiku Awiri ku Sarlat

Funso: Akonzi, ine ndi banja langa tikakhala masiku awiri ku Sarlat, m'dera la Dordogne ku France. Tikaone chiyani, nanga tisamale pati?

Yankho: Yesetsani kuti tsiku limodzi likhale Loweruka. Ndi tsiku la msika waukulu, pomwe tinjira tamiyala tam'tauni yakaleyo timadzaza ndi ogulitsa tchizi, nyama ya bakha ndi mtedza wa walnut. Lawirani, chifukwa 9 koloko ikadutsa malo oimika galimoto amasowa. Valani nsapato zafulati, miyalayo imaterera kukagwa mvula.

Masana tsikirani kumtsinje wa Dordogne. Mabwato opalasa amabwereketsa ku Vitrac, ndipo mumatsetsereka ndi madzi makilomita pafupifupi 15 mpaka ku Beynac, kudutsa mudzi wa La Roque-Gageac womwe nyumba zake zinatsamira thanthwe. Eni mabwato amadzakutengani pagalimoto. Chimene chimasautsa ambiri ndi dzuwa, osati madzi, choncho tengani chipewa ndi madzi akumwa okwanira. Mafoni muwaike mukachigubu kotseka komwe amakupatsani, ndipo chivindikiro muchimange ndithu. Mtsinje ukadzaza kwambiri sabwereketsa.

Tsiku linalo pitani ku Lascaux, phanga lotchuka ndi zojambula za anthu akalekale, ku Montignac. Phanga lenilenilo linapezeka mu 1940, koma analitseka mu 1963 poona kuti mpweya wa alendo ukuwononga zojambula zapakhoma. Chomwe mukaone ndi chofanizira chake, Lascaux IV, chomwe chinatsegulidwa mu 2016. Musachiderere, anachikonza mwaluso. Matikiti guliranitu pa intaneti, makamaka mu Julaye ndi Ogasiti.

Nkhomaliro musaichedwetse: malesitanti ambiri amasiya kulandira anthu 2 koloko ikakwana.